Mphatso ya ukwati imene idakafika pa wailesi

Mwana wa mlongo wanga akukwatiwa mwezi wamawa, ndipo Loweruka lapitali tidakhala pakhonde la kwawo tikuwerengera mipando, nkhuku ndi ndalama ya holo. Titafika pa nyimbo imene akwati adzalowere, iye sadachedwe. Adaika foni pathebulo pakati pa makapu a tiyi, gitala yodekha n'kuyamba kulira, mawu a Adele, woimba wa ku England, akubwera pambuyo pake mosathamanga. "Amalume, ndikufuna iyiyi," adatero. Ndidamuuza kuti wasankha bwino kuposa momwe akudziwira, chifukwa nyimboyo si ya Adele. Mwini wake ndi Robert Smith wa gulu la The Cure la ku England, ndipo adaipeka ngati mphatso kwa mkazi wake pa ukwati wawo mu 1988. Dzina lake ndi "Lovesong", kungoti nyimbo ya chikondi, popanda chokometsera china.

Mayi ake a mkwatiyo, amene nthawi yonseyi ankasankha mpunga m'lichero, adadzutsa mutu. "Ndiye mwati adampatsa mkazi wake, kenaka n'kukaigulitsanso kwa anthu? Achimwene, imeneyo si mphatso. Chitenje chimene wagulira mkazi wako sukachiyala pamsika."

Mawu amenewa andikhala m'mutu sabata yonse, chifukwa si mawu opepuka. Ife tidaleredwa kuti za m'nyumba saulula, ndipo ine ndemwe, monga malume, ndidzakhala m'gulu la anthu amene adzawauze ana awiriwa mawu omwewo. Komabe pa nyimbo iyi ndikutsutsana ndi mlongo wanga. Ndikuti Smith adachita bwino kuilola kuti ituluke payokha ngati single, ndipo kutuluka kumeneko ndi kumene kudaipatsa kulemera kwake.

Amene sadawaonepo a The Cure angavutike kukhulupirira kuti nyimbo ngati imeneyi idachokera kwa iwo. Gululi lidabadwira m'tauni ya Crawley, kummwera kwa London, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo ndi limodzi mwa magulu amene adaika maziko a chimene chimatchedwa alternative rock, nyimbo za magitala zimene sizinkatsata njira ya zogulidwa msanga. Smith amaoneka ngati munthu wodzidzimutsidwa ku tulo: tsitsi lakuda lonyankhalala, utoto wakuda m'maso, milomo yopakidwa zofiira mosasamala, malaya aakulu akuda. Zimbale zawo za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 zidadzaza ndi imfa, mantha ndi kusungulumwa, moti achinyamata ovala zakuda a ku Britain adamutenga ngati mtsogoleri wawo. Koma kuseri kwa utotowo kudali mnyamata amene adakumana ndi mtsikana wotchedwa Mary Poole kusukulu ku Crawley ali ndi zaka 14, ndipo sadayang'anenso kwina. Adakwatirana mu Ogasiti 1988 ku Worth Abbey, nyumba ya amonke Achikatolika imene ili kufupi ndi kwawo, atakhala pachibwenzi zaka pafupifupi 15.

Nthawi imeneyo Smith adali ndi zaka 29 ndipo zaka 30 zinkamuopsa. Ankaona kuti oimba ambiri amene iye ankawalemekeza adapanga ntchito zawo zazikulu asadafike pamenepo, pamene iye ankadziona kuti sadapangebe. Mantha amenewo ndiwo adabala chimbale cha Disintegration, chimene adachijambula ndi katswiri wojambula nyimbo David M. Allen mu situdiyo ya kumudzi ku Oxfordshire n'kuchitulutsa mu Meyi 1989. Ndi chimbale cholemera, cha mphindi zopitirira 70, nyimbo zake zazitali, zoyenda pang'onopang'ono ngati mtsinje wodzaza. Akuluakulu a kampani ya Elektra, imene inkagulitsa nyimbo zawo ku America, atachimva adadandaula kuti gululo likudziphera msika dala. Mkati mwa mdima wonsewo, pa nambala 4, mudali ka nyimbo ka mphindi zitatu ndi theka kopita kwa Mary.

Ndikufuna tikhalepo pang'ono pa nyimboyo momwe eni ake adaiimbira, chifukwa amene adangomva ya Adele sadaimve yonse. Imayamba popanda moni: ng'oma za Boris Williams, kiyibodi ya Roger O'Donnell yolira ngati limba la m'tchalitchi chakale, ndi gitala ya besi ya Simon Gallup. Besi imeneyi ndiyo msana wa nyimboyo. Siikhala pansi kumangosunga kugunda monga amachitira ambiri, imayendayenda, kukwera ndi kutsika, ngati munthu amene akuzungulira m'chipinda usiku tulo titamuthawa. Nyimbo yonse ili mu kiyi ya A minor, ndipo aliyense amene amaimba kiyibodi ku kwaya akudziwa kuti kiyi yotere timaisungira nyimbo za Lachisanu Loyera, osati za ukwati. Pamwamba pa zonsezi Smith amaimba motsitsa mawu, osakuwa, osakometsa, ngati akulankhula ndi munthu amene wakhala naye pampando umodzi.

Mawu ake ndi ochepa kwambiri moti mwana wa Sitandade 5 akhoza kuwamva onse. M'ndime iliyonse akumuuza mkazi wake kuti akakhala awiriwiri amamva ngati wabwerera kwawo, ngati wabwerera ku unyamata, ngati wamasulidwa. Chimene chimandigwira ndi kamawu kamodzi kamene kamabwera kumapeto kwa mzere uliwonse wa ndimezo, kamene m'Chichewa ndi kachidutswa kathu kaja ka "-nso". Sakunena kuti ndi wamphumphu, akunena kuti wakhalanso wamphumphu. Munthu sunganene choncho ngati sudasweke. Kolasi nayo ili ndi malonjezo atatu: ngakhale atakhala kutali chotani, ngakhale atachedwa chotani, ngakhale atalankhula mawu otani, chikondi chake sichidzasintha. Lachitatulo ndi limene silipezeka m'nyimbo zambiri zachikondi. Mwamuna akuvomereza, pa tsiku la ukwati wake, kuti pakamwa pake padzatuluka mawu olasa, ndipo akupempha mkazi wake kuti tsiku limenelo likadzafika adzakumbukire lumbiro osati mawuwo. Ndakhalapo pa milandu ya mabanja kangapo, ndipo nthawi zambiri chimene chimabweretsa anthu kwa ankhoswe si njala kapena ngongole ayi, ndi chiganizo chimodzi chimene wina adalankhula atakwiya miyezi itatu yapitayo.

Smith mwiniwake adanenapo kuti zidamutengera zaka khumi kuti afike poimba nyimbo yachikondi yolunjika, yopanda kuzembazemba ndi yosafuna kuonetsa nzeru. Chimbale choyamba cha gululi chidatuluka mu 1979, ndiye masamu ake akugwirizana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wopeka nyimbo wachinyamata amaopa mawu wamba. Amabisala m'mafanizo, mkazi n'kukhala mwezi, duwa, nyenyezi, uchi, mpaka mkaziyo sakuonekanso, kwatsala wopekayo akudzionetsa kuti amatha. Kuti munthu aime pamaso pa anthu amene amamudziwa ngati mfumu ya chisoni, n'kunena poyera kuti ali ndi mkazi mmodzi ndipo amamukonda, pamafunika kulimba mtima kwa mtundu wina. Ankadziwa kuti ena mwa omutsatira adzati wafewa.

Single, kwa amene adakula nyimbo zili kale m'mafoni, idali kambale kakang'ono kapulasitiki, kaseti kapena CD yokhala ndi nyimbo imodzi yaikulu ndi ina yoperekeza kuseri kwake. Imeneyi ndiyo inkatumizidwa ku mawailesi, ndiyo inkajambulidwa kanema, ndiyo inkawerengedwa pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri. Kusankha nyimbo kukhala single kudali kuiuza kuti choka pakhomo, kadziimire wekha kubwalo. "Lovesong" idatuluka motero mu Ogasiti 1989, patatha chaka chimodzi chikwatiranire eni ake. Kwawo ku Britain idangofika pa nambala 18. Ku America idakwera mpaka pa nambala 2 pa Billboard Hot 100, mndandanda waukulu wa nyimbo zotchuka kumeneko, n'kutsekeredwa ndi Janet Jackson yekha, ndipo palibe nyimbo ina ya The Cure imene idafikapo pamenepo kumeneko. Chimbale chimene a kampani ankati sichigulika chidasanduka chogulidwa kwambiri mwa zimbale zonse za gululi.

Tsopano ndibwerere kwa mlongo wanga ndi chitenje chake. Fanizo lake ndi lamphamvu, koma lili ndi polakwika pamodzi. Chitenje ndi katundu: wina akachitenga, mwini wake watsala wopanda. Chimene Smith adapereka kwa Mary si katundu, ndi lumbiro, ndipo lumbiro mwachibadwa chake limafuna mboni. N'chifukwa chiyani sitilola ana athu kungogwirizana awiri kuseri kwa nyumba n'kuyamba kukhala limodzi? N'chifukwa chiyani timaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kusinthana nkhuku, kulengeza m'tchalitchi milungu ingapo, kudzaza holo ndi anthu amene ena mwa iwo akwatiwo sawadziwa n'komwe? Ndi chifukwa chakuti mawu onenedwa kumbali amakanika mosavuta. Mwamuna amene adanong'oneza lonjezo pamtsamiro akhoza kudzati sindidatero. Amene adalinena pamaso pa mudzi sangathawe, mudzi udzamukumbutsa. Smith adatenga lonjezo lake n'kuliika pamaso pa anthu mamiliyoni, m'mayiko amene ngakhale iye sadafikeko. Adadzimanga yekha ndi chingwe chimene sakadatha kuchimasula mwakachetechete.

Ndiponso tiyang'ane bwino chimene chidatuluka panja ndi chimene chidatsala m'nyumba. M'nyimbo yonseyo mulibe dzina la Mary. Mulibe tsiku limene adakumana, mulibe mkangano uliwonse umene adakhala nawo, mulibe za thupi lake kapena za kuchipinda. Mary yemweyo, pa zaka zonsezi, wakhala kutali ndi atolankhani. Adaonekerako mwachidule mu kanema wa nyimbo ina ya gululi mu 1987, atavala zoyera akuvina ndi Smith, ndipo kupatula apo moyo wake ndi wake. Malangizo akuti za m'nyumba saulula amanena za zinsinsi, zofooka za mnzako, zimene zingamuchititse manyazi. Sadatanthauzepo kuti mwamuna abise zakuti amakonda mkazi wake. Ife tidasokoneza ziwirizi, ndipo pali azimayi ambiri amene akalamba m'banja osamvapo mawu amenewo kuchokera kwa bambo a ana awo, kenaka n'kudzawamva pa maliro awo omwe, akuwerengedwa papepala, iwo ali m'bokosi.

Mlongo wanga akadakhala pano akadayankha kuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo akadatchula mabanja amene timawaona pa Facebook akudyetsana keke lero, mawa afufuta zithunzi zonse. Zoona, alipo ambiri. Koma kusiyana kwake kumamveka m'khutu. Chikondi chodzionetsera chimalankhula kwa oonerera, chimati taonani ife. Nyimbo ya Smith siyang'ana kwa omvera ngakhale kamodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza ikulankhula ndi munthu mmodzi, ife tangopezeka kuti tili pafupi. Ndipo ng'oma iyi sidang'ambike. Awiriwa akadali limodzi, zaka zopitirira 35 chikwatiranire, ndipo alibe ana, chimene kwathu kuno achibale akadachisandutsa chifukwa chothetsera banja kalekale. Smith, tsitsi litayamba imvi, adalowetsedwa ndi gulu lake mu Rock and Roll Hall of Fame, kaundula wa ulemu wa oimba otchuka ku America, mu 2019, adatulutsa chimbale chatsopano mu 2024 chimene chidafika pa nambala 1 ku Britain, ndipo akakwera pa nsanja amaimbabe nyimbo ya Mary. Ndi amuna angati amene amabwereza malumbiro awo a ukwati mokweza, pamaso pa anthu, kambirimbiri chotero?

Sindikunena kuti palibe chimene chidatayika. Walira mvula walira matope. Nyimbo ikachotsedwa pa chimbale chake n'kuikidwa pa wailesi pakati pa malonda a sopo ndi nkhani za nyengo, imapepuka. Pa Disintegration imafika munthu atadutsa kale nyimbo zitatu zolemera, ndipo pambuyo pake mdima umabwereranso, moti imamveka ngati nyali imodzi yoyaka m'mudzi wonse usiku wa mvula. Payokha, wina akhoza kuimva ngati ka nyimbo kokoma koimba potsuka mbale, osazindikira kuti woimbayo akugwira mkazi wake ngati munthu amene akumira. Palinso nkhani ya ndalama, imene sindingaizembe: nyimboyi idalemeretsa gululi ndi makampani ake, ndipo mtima wa munthu umakayikira chilichonse chopatulika chimene chadutsa m'manja mwa wogulitsa. Pamenepa ndingoti Smith ndi woimba, nyimbo ndiye khasu lake. Mmisiri wa matabwa akapangira mkazi wake mpando wabwino kuposa yonse imene adapangapo, anthu n'kuuona n'kufuna wofanana nawo, sitinena kuti wanyoza mkazi wake. Woyambawo uli m'nyumba, ndipo mkaziyo akudziwa kuti muyeso wake adatengera pa msana wake.

Chimene chidapindulidwa ndicho chachikulu. Mu 2004 gulu la ku America la 311 lidaiimbanso mu kayendedwe ka reggae, ndipo idafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard wa nyimbo za alternative rock. Mu 2011 Adele adaiika pa chimbale chake cha 21. Adaijambulira ku Malibu, ku California, ndi katswiri wojambula nyimbo Rick Rubin, ali kutali ndi kwawo ku London ndipo akusowa abale ake, ndipo adaipereka kwa mayi ake, amene ankakonda The Cure iye ali mwana. Taonani ulendo wa nyimboyi: mwamuna adalembera mkazi wake, mayi wina wachitsikana ku London adaikonda n'kumaimvera mwana wake ali pambali, mwanayo atakula adaibweza kwa mayi ake ngati yakeyake. Mawu sadasinthe kwenikweni, koma adakwanira mwana ndi mayi monga momwe adakwanirira mwamuna ndi mkazi. Izi zidatheka chifukwa cha kuchepa kwa mawu kuja. Smith akadadzaza nyimboyo ndi mayina a misewu ya ku Crawley ndi mtundu wa maso a Mary, ikadakhala chovala chosokedwera munthu mmodzi. Akadaitsekera mu kabati monga akufunira mlongo wanga, mayi a Adele sakadaimva, ndipo sikadafika pathebulo lathu Loweruka lija.

Ndidamufunsa mkwatiyo chifukwa chimene adasankhira nyimbo yodekha chotero pamene anzake amalowa mu holo ndi nyimbo zovinitsa. Adayang'ana mayi ake kaye asadayankhe. Mwamuna wake amagwira ntchito ku Johannesburg. Abwera kutatsala masiku asanu kuti ukwati uchitike, ndipo pakatha masabata awiri akwera basi kubwerera, iye n'kutsala kuno mpaka mapepala atalongosoka, chinthu chimene palibe akudziwa kuti chitenga miyezi ingati. "Amalume, nyimbo zinazi zimangonena za anthu amene ali limodzi," adatero. "Iyi ikunena za munthu amene akuchoka."

Adaimva bwino kuposa ine. Smith ankalemba ngati munthu amene ntchito yake ndi ya pamsewu: mu 1989, chaka chimene nyimboyi idatuluka, gululi lidazungulira ku Ulaya ndi ku America kwa miyezi, likudzaza mabwalo a mpira ngati Dodger Stadium ku Los Angeles. Ankadziwa kuti banja lake lidzayesedwa ndi mtunda, ndipo sadalonjeze kuti sadzachoka, adalonjeza chimene akadatha kusunga ali kutaliko. Kuno mtunda timaudziwa kuyambira masiku a Wenela, pamene agogo athu ankapita ku migodi, ena n'kubwera ndi njinga ndi sutikesi, ena n'kusanduka matchona, akazi awo akudikira mpaka kukalamba. Mtsikana amene adakula akumva nkhani zimenezo, ndipo akudziwa kuti basi ya ku Joni ikudikira mwamuna wake, safuna kuuzidwa kuti ndi duwa. Akufuna mwamunayo anene, pamaso pa ankhoswe ndi holo yonse, kuti kutali sikudzasintha kanthu. Mnyamata wa ku Crawley wopaka milomo adampatsa mawu ochitira zimenezo, ndipo adatha kumpatsa chifukwa sadawabise.

Tisadabalalike ndidapempha foni ija n'kufufuza nyimboyo momwe The Cure adaiimbira. Ng'oma zitayamba, mlongo wanga adapitiriza kusankha mpunga wake, koma ndidaona chala chake chikugogoda m'mphepete mwa lichero motsatira besi ya Gallup. Itatha adati mawu a bamboyo akumveka ngati a munthu amene wangosiya kulira, ndipo adafunsa ngati mkaziyo akadali naye. Ndidati inde. Adakhala chete pang'ono, n'kutaya kamwala kamene adapeza mu mpunga. "Nkhani ya kugulitsayo sindidaivomerebe, achimwene," adatero. Kenaka adatembenukira kwa mwana wake. "Koma ukamuuze DJ kuti polowa aike ya bamboyi, ya mwini wake. Ya Adele adzaike podula keke."